Njinga yakapalasa musaipeputse

Abale anga apachilumba, ndi inu muli ku Mzuzu, Lilongwe ndi ku Joni, lero ndati tikambeko za njinga yakapalasa, imene anyamata amakono akuti ndi ya amphawi.

Chaka chathachi, kuyambira Januwale mpaka Disembala, ndimalemba m'kope tsiku lililonse limene ndapalasa. Akwana masiku 247. Ambiri ndi a kumunda wa chinangwa, kumsika ku Mbamba ndi kukachingamira Ilala. Lamulungu ndi kutchalitchi ku Chipyela, madzulo ake ndimangoyenda mpaka ku Makulawe kuwongola miyendo. Zimene ndagula chaka chonse ndi matayala 2, machubu 3 ndi tcheni chimodzi basi. Miyala yathuyi ndiye imadya matayala, mchenga umadya tcheni.

Tsono werengani nokha. Masiku 247 pa kabaza wa njinga yamoto zikanakhala ndalama zingati? Komanso petulo kuno amabwera pamadzi. Akasowa kumtunda, kaya mwera wavuta panyanja, zamotozo zimaima, apo ayi mtengo umakwera. Nanga mwana akadwala usiku ku Nkhwazi, afika bwanji kuchipatala cha St Peter's? Sikuti ndikunyoza akabaza ayi, ndi ana athu ndipo amatithandiza. Koma khomo lililonse likhale ndi yakapalasa yoyenda bwinobwino.

Inu a m'tauni, mukamatumiza katundu pa Ilala muziikamo tayala, chubu ndi pampu. Shuga sabata ziwiri watha, tayala limatinyamula miyezi. Amene munaikoleka kudenga chifukwa cha chubu chokha, itsitseni tikonze.