Nyumba za mabuku zigwirizana pofufuza eni ake a mabuku akale

Buku lakale limavutitsa amene amalisunga. Nyumba ya mabuku ikalijambula n'kuligawa pamene mwini wake akadali ndi ufulu pa bukulo, ikhoza kutengeredwa kubwalo la milandu. Ikachita mantha, imatsekera buku limene lamulo linalimasula kale.

Ku America vutoli linakula pa mabuku osindikizidwa kuyambira 1923 mpaka 1963. Lamulo la nthawiyo linkafuna kuti mwini buku akalembetsenso ufulu wake pa chaka cha 28. Ambiri sanatero, choncho mabuku awo anasanduka a anthu onse, koma pachikuto panalibe chizindikiro.

M'chaka cha 2008 Yunivesite ya Michigan inayamba kufufuza mabuku oterewa amene ali mu HathiTrust, nkhokwe ya mabuku ya pa intaneti. Pambuyo pake mayunivesite a Indiana, Minnesota ndi Wisconsin analowa m'ntchitoyi. Anthu awiri amayang'ana buku limodzi payekhapayekha m'kaundula wa boma. Akasiyana maganizo, katswiri wachitatu amagamula. Zotsatira zimalembedwa pamalo amodzi kuti wina asabwerezenso ntchitoyo. Mwa njirayi mabuku zikwizikwi atsegulidwa.

Nkhaniyi ikukhudzanso Mozambique, kumene lamulo la 2001 linaika zaka 70 wolemba atamwalira. Kuti buku lakale la Chinyanja limasuke, pafunika kudziwa chaka chimene wolembayo anamwalira. Nthawi zina chakacho chimapezeka m'kaundula wa mishoni kutsidya kwa malire. Osunga mabuku akapanda kuuzana, bukulo lidzatha ndi chiswe lisanasindikizidwenso.