Loboti yosadziwa kudikira

Telemu yathayi kunabwera mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa masamu zaka zapitazo. Pano amagwira ntchito ya makompyuta ku Lilongwe. Anandipeza kuno ku Mzimba boma ndili kalikiliki kukopera malikisi a ana a Fomu 3 kuchokera mu Excel kupita pa tsamba lina la pa intaneti, mwana mmodzimmodzi. Anaseka. "Aphunzitsi, ntchito imeneyi ndi ya loboti."

Sikuti loboti ya manja ndi miyendo ngati za m'mafilimu ayi. Ndi kapulogalamu kotsanzira zimene munthu amachita pa kompyuta: kutsegula tsamba, kulemba nambala, kudina batani losungira, kupita pa dzina lotsatira. Eni ake amati robotic process automation, ndipo imodzi mwa makampani odziwika pa ntchitoyi ndi UiPath, yomwe inayambira ku Bucharest, m'dziko la Romania, mu 2005.

Atabwerera ku Lilongwe anakapanga, nakayesa mu ofesi mwawo, kenako ananditumizira. Kumeneko kankathamanga bwino. Kuno kanandilembera 34 pa dzina la mtsikana amene anakhoza 81. Mwayi wake ndi woti mtsikanayo ndimamudziwa, amakhala kutsogolo, ndiye nditaona 34 mtima unakana. Akanakhala mmodzi mwa ana ofatsa akumbuyo aja, lipoti likanapita kwa makolo chomwecho.

Chinalakwika n'chaching'ono. Mnyamatayo anauza lobotiyo kuti ikadina batani iziwerenga masekondi 3, kenako izilemba malikisi a mwana wotsatira. Ku Lilongwe tsamba limakhala litasintha kale. Kuno netiweki ikamakwawa, masekondi atatuwo amatha tsamba la mwana woyamba likadali pomwepo, ndipo loboti, posayang'ana, imangolemba pamwamba pake.

Maganizo anga ndi akuti makina asamadikire powerenga nthawi, azidikira chizindikiro. Pitani pa depoti mukakwere minibasi yopita ku Jenda. Kondakitala sayang'ana wotchi, amayang'ana mipando. Ikadzadza ndiye mumanyamuka. Odziwa bwino ntchitoyi amaphunzitsanso zomwezo. Mu Selenium, chida choyendetsera masamba a intaneti chomwe chinayamba mu 2004, muli njira yotchedwa explicit wait: umauza pulogalamu kuti isasunthe mpaka chinthu chakutichakuti chioneke pa sikirini. Kwa ife chinthucho ndi dzina la mwana wotsatira.

Koma amene anakhalapo mu minibasi maola awiri, kudikira anthu atatu osabwera, akudziwa kuti kudikira kumafunanso malire. Malirewo amawatcha timeout. Mu UiPath, ukapanda kusintha, loboti imafunafuna batani kwa masekondi 30 kenako imagonja. Masekondi 30 ndi ambiri ku Bucharest. Kodi ndi ambirinso kwa mphunzitsi wa ku Khosolo kapena ku Mabulabo, amene wakweza foni pa zenera kuti laputopu ipeze intaneti? Nambala imene munthu anasankha ali pa mpando wa ndalema kwina isatilamulire kuno.

Komanso malo amasiyana ngakhale pa kompyuta imodzi yomweyo. Excel ili momwemo mu laputopu, imayankha nthawi yomweyo. Tsamba la pa intaneti limadalira netiweki, ndipo nthawi zina limaoneka ngati latseguka pamene mkati likadakoka zinthu. Ndiye pali mapulogalamu amene munthu amawagwiritsa ntchito ali patali, kudzera mu Citrix, kumene loboti nthawi zambiri imangoona chithunzi cha sikirini basi, n'kumazindikira batani ndi maonekedwe ake. Kupatsa zitatuzi nthawi yofanana yodikira n'kungodzinamiza.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi zimene loboti imachita nthawi ikatha. Ena amaiuza kuti ingoyesanso. Aliyense amene anagulapo mayunitsi a magetsi pa foni, uthenga n'kuchedwa kubwera, amadziwa yesero lobwereza, ndiponso amadziwa kuti ukhoza kulipira kawiri. Pa malikisi, pa fizi, pa malipiro, loboti ikatopa kudikira iime, ilembe pomwe yaimira, iitane munthu.

Ndisaweruze makina okha. Ku koleji tinaphunzira za Mary Budd Rowe, mayi wa ku America amene m'zaka za m'ma 1970 anapeza kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo ana amayankha motalika komanso ambiri amakweza manja. Nditakumbukira izi ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa nanenso ndimalumpha msanga kupita kwa mwana wotsatira.

Ndinamuimbira mnyamata uja. Anapepesa, nakonza usiku womwewo. Tsopano loboti imadikira dzina lioneke, imaliyerekeza ndi la mu Excel, ndipo pakatha mphindi ziwiri popanda kanthu imaima. Lachinayi inaima kanayi. Ndinamwa tiyi, n'kuidzutsanso, ndipo malikisi a Fomu 3 ndinawawerengabe ndekha ndisanasaine.