Musaimbe mlandu kamera yochipa

Masiku ano kuno ku Petauke ndi ku Nyimba palibe ukwati, kuvundukula ciliza kapena msonkhano wa makwaya umene umacitika popanda mnyamata kapena mtsikana woyendayenda ndi kamera. Ambiri a ife amene timagwira nchito imeneyi tilibe makamera odula. Tili ndi tumakamera togula ku Kamwala mu Lusaka, kapena makamera akale amene acibale anatumiza kucokera ku Joni kapena ku Ulaya. Kujambula timajambula bwino. Vuto limayamba madzulo, tikaika khadi mu laputopu: pulogalamu yodulira vidiyo ikana fayilo, kapena ionetsa cithunzi copanda mau, kapena mau atsogola, milomo n'kutsalira. Pakapita milungu itatu eni ukwati ayamba kuimba foni, ndipo ciweruzo cimakhala cimodzi: kamera yake ndi yochipa, n'cifukwa cake.

Ife tikuti kamera ilibe mlandu. Mlandu uli pa cizolowezi cathu cogula kamera ngati kuti nchito imathera pa kujambula, osayesa njira yonse imene cithunzi ciyenera kuyenda kucokera pa khadi mpaka pa TV ya mwini ukwati. Njirayo ingayesedwe pa ola limodzi, popanda kutaya ngwee, ndipo iyenera kuyesedwa mwambo usanafike.

Tiyambe ndi cimene cimasokoneza ambiri. Fayilo ya vidiyo ili ngati thumba la zokolola. Zilembo za kumapeto kwa dzina lake, monga MP4, MOV, AVI kapena MTS, zimangotiuza mtundu wa thumba. Za m'kati ndi nkhani ina: mungakhale cimanga, nshawa kapena mpendadzuwa. Za m'katizo ndizo zimachedwa codec, ndiye kuti njira imene kamera inapanikizira zithunzi ndi mau kuti zikwane pa khadi. Pali H.264, imene inabwera mu 2003 ndipo pafupifupi pulogalamu iliyonse imaidziwa. Pali H.265 ya mu 2013, imene imacepetsa fayilo koma imalemetsa laputopu yakale. Pali MPEG-2 ya nthawi ya ma DVD. Palinso MJPEG, imene tumakamera tochipa tambiri timalonga m'thumba la AVI.

Pulogalamu yodulira vidiyo ili ngati cigayo. Wacigayo sayang'ana thumba, amayang'ana zimene mwakhuthula. Mukapita ndi nshawa ku cigayo ca cimanga adzakubwezani, ngakhale pa thumba palembedwe kuti cimanga. N'cifukwa cake kusintha dzina la fayilo kucoka pa AVI kupita pa MP4 sikuthandiza. Pamene kusintha dzina kumathandiza ndi pa makamera akale monga JVC Everio, amene amalemba mafayilo a MOD. M'kati mwa MOD muli MPEG-2 wamba, ndipo mukasintha dzina kukhala MPG mapulogalamu ambiri amaitsegula.

Wina adzati: nanga bwanji fayilo yomweyo imatseguka bwino mu VLC? Cifukwa VLC imayenda ndi zida zake zomasulira pafupifupi thumba lililonse, pamene mapulogalamu ena odulira amadalira zimene zili kale mu kompyuta. Mwacitsanzo, makompyuta ambiri a Windows 10 satsegula H.265 pokhapokha mutawonjezera kapulogalamu kena kocokera ku Microsoft. Conco kuonera vidiyo mu VLC si umboni wakuti mudzatha kuidula. Umboni uli mu MediaInfo, kapulogalamu kaulere ndiponso kopepuka, kamene kamasuzumira m'thumba n'kukuuzani zinthu zinayi: codec ya cithunzi, codec ya mau, kukula kwa cithunzi, ndi kuculuka kwa zithunzi pa sekondi imodzi. Safunsa anadya phula. Wodziwa zinthu zinayi zimenezi wathetsa kale theka la vuto.

MediaInfo imaululanso mabodza a pa katoni. Tumakamera tambiri topanda dzina lodziwika timalembedwa kuti 4K ndi zilembo zikuluzikulu. 4K yeniyeni ndi timadontho 3840 m'mbali ndi 2160 m'mwamba. Zimene tumakamerati timacita ndi kutenga cithunzi cacing'ono n'kucikoka kuti cikule, monga kuthira madzi mu ndiwo kuti zikwanire alendo. Fayilo imalemera, laputopu imapuma wefuwefu, koma nkhope ya mkwatibwi sionekera bwino kuposa kale. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Jambulani mtengo womwewo pa 4K, pa 1080p ndi pa 720p, kenako muyerekeze masamba ake pa kompyuta. Ngati palibe kusiyana, sankhani caching'ono ndipo musabwererenso ku cacikulu.

Vuto lowawa kuposa onse ndi la mau osiyana ndi cithunzi. Kwaya ingabisale pang'ono, koma pa gule silibisika. Amai akamavina nsongwe, ng'oma ikalira phazi lisanaponde, aliyense amaona kuti pali colakwika, ngakhale mwana. Nthawi zambiri coyambitsa n'cakuti kamera kapena foni sinasunge liwiro limodzi: pena inajambula zithunzi 30 pa sekondi, kutacita mdima inatsika, kenako inakweranso. Pulogalamu yodulira imayembekezera liwiro losasintha, conco pakatha mphindi makumi awiri mau ali kwina, milomo ili kwina. Palinso nkhani ya malaiti. Magetsi a mu Zambia amayenda pa 50 Hz, ndipo TV yathu inazolowera zithunzi 25 pa sekondi. Kamera yopangidwira ku America imajambula 30 kapena 60, ndipo pansi pa mababu ena a m'holo kapena m'chalichi cithunzi cimaphethira. Ngati kamera yanu ili ndi posankha PAL kapena 50 Hz, sankhani pamenepo mwambo usanayambe, cifukwa kuphethira n'kovuta kucotsa pambuyo pake.

Khadi nalo lili ndi misampha yake. Makamera a AVCHD, njira imene Sony ndi Panasonic anayambitsa mu 2006, amabisa mafayilo a MTS m'mafoda anayi olowana: PRIVATE, AVCHD, BDMV, STREAM. Makhadi osapitirira 32 GB nthawi zambiri amakhala a FAT32, ndipo pa FAT32 fayilo imodzi singapose 4 GB. Ulaliki wautali kapena malangizo a ankhoswe kamera imawadula m'zidutswa, ndipo zolumikizira zidutswazo zili m'mafoda ena aja amene ambiri amawasiya poganiza kuti ndi zinyalala. Wotola MTS zokha angapeze kampata pa mfundo, liu limodzi kapena awiri atasowa. Koperani khadi lonse mmene lilili. Palinso makhadi acinyengo, olembedwa 64 GB koma m'kati muli malo ocepa. Amalandira zonse mwaulemu, koma zimene zapitirira malo enieni zimaonongeka. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza khadi n'kuliwerenganso, ndipo imanena zoona. Khadi latsopano liyesedwe kunyumba, osati pa ukwati wa mwana wa eni.

Nanga fayilo ikakana, ticite ciani? Tiikhuthulire m'thumba limene cigayo cimalandira. HandBrake ndi yaulere ndipo nchito yake ndi yomweyi. Sankhani MP4, cithunzi cikhale H.264, mau akhale AAC. Ciwerengero ca zithunzi pa sekondi cisiyeni mmene kamera inajambulira, koma congani pamene palembedwa Constant Framerate kuti liwiro likhazikike. Pa nambala ya RF ikani 18 kapena 20, podziwa kuti nambala ikacepa cithunzi cimakoma ndipo fayilo imakula. Ngati m'mbali mwa anthu oyenda mukuoneka timizere ngati mano a cipeso, yatsani Decomb kapena Deinterlace pa Filters. Yambani ndi mphindi imodzi, muione mu pulogalamu yodulira, kenako mupitirize ndi zonse. Tonse tikumbukira 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, mmene malaiti anali kuzimira maola ambiri pa tsiku. Kusintha vidiyo ya maola atatu pa laputopu yakale kungatenge usiku wonse, ndipo moto ukathera pakati, mumayambiranso. Sinthani fayilo imodzi imodzi.

Njira ina, imene ife tiona kuti ndiyo yanzeru, ndi kusintha cigayo. Shotcut ndi Kdenlive ndi mapulogalamu odulira aulere, omangidwa pa FFmpeg, ndipo amatsegula AVI, MTS, MOD ndi MOV popanda kuvuta. Onse awiri amatha kupanga tumafayilo topepuka todulirapo, tochedwa proxy, kuti laputopu yofooka isamaime, ndipo pomaliza amabwerera ku mafayilo enieni. Komabe ambiri a ife timakakamira mapulogalamu odula okopedwa mwa kuba, oyenda pa fulashi kucokera kwa mnzathu wa ku Chipata kupita kwa wa ku Katete. Ambiri mwa iwo ndi akale, sadziwa ma codec atsopano, ndipo ena amabwera ndi mavairasi. Ena tikali kusakasaka Windows Movie Maker, imene Microsoft inaleka kugawa mu January 2017. Dzina lalikulu la pulogalamu silidula vidiyo. Mwini ukwati safunsa kuti munadulira mu ciani, amafuna kuona agogo ake akuvina.

Pali otsutsa a mitundu iwiri, ndipo onse ali ndi mfundo. Oyamba amati sungani ndalama mugule kamera yabwino. N'zoona kuti kamera yabwino imaona bwino mu mdima ndipo imamva bwino. Koma mafayilo ake ndi olemera kwambiri, ndipo wogula kamera yodula n'kutsala ndi laputopu yakale wangosamutsa vuto. Komanso mnyamata wa kwa Mwanjawanthu kapena wa ku Kacholola akadikira kuti apeze ndalama za kamera yodula, maukwati a m'mudzi mwake adzapita osajambulidwa. Aciwiri amati siyani makamera, foni ikwanira. Pa kavidiyo ka mphindi ziwiri ka pa Facebook, foni ikwaniradi. Koma mafoni ambiri atsopano amajambula mu H.265 ndi liwiro losinthasintha, mavuto awiri amene tachula kale. Foni imatenthanso pa dzuwa la October, ndipo siingakokere pafupi munthu amene ali kutsidya kwa bwalo mmene imacitira kamera yokhala ndi zoom yeniyeni ya magalasi.

Tacita khama pa nkhani ya mafayilo cifukwa zimene timajambula si zathu zokha. Caka ciliconse mu October Ansenga amasonkhana kwa Mfumu Yaikulu Kalindawalo pa mwambo wa Tuwimba, mvula isanayambe. Kumeneko akuluakulu amalankhula, amai amaimba, ndipo zambiri zimacitika mu Cinsenga. Cinsenga sicili pakati pa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankha kuti ziphunzitsidwe m'masukulu. Ana a ku Petauke ndi ku Nyimba amaphunzira Cinyanja, ndipo mabuku a Cinsenga ndi ocepa. Conco mau a nkhalamba ya kwa Ndake, ya kwa Mumbi kapena ya kwa Nyalugwe, ojambulidwa pa kamera yochipa, angakhale malo okhawo amene miyambi yake, mbiri ya mudzi wake ndi kalankhulidwe kake zidzatsala. Ukwati subwerezedwa. Nkhalamba ikapita, sitingaipemphe kuti inenenso. Madzi akatayika saoleka.

N'cifukwa cake lamulo loposa onse ndi ili: fayilo yoyamba ya pa khadi isafufutidwe. Zosintha mu HandBrake ndi zogwirira nchito cabe, ndipo kusintha kulikonse kumadyako pang'ono ubwino wa cithunzi. Yotumiza pa WhatsApp imakhala itafinyidwa kwambiri, siyenera kukhala yokhayo yotsala. Ola limodzi la AVCHD ya 17 Mbps limatenga pafupifupi 8 GB, ndipo hard drive ya 1 TB ingasunge maola oposa 100. Fayilo imene ikana kutseguka lero ingadzatseguke mawa ndi pulogalamu ina, koma yofufutidwa yapita. Amene ali ndi matepi a MiniDV m'masutukesi adziwa zimene tikunena: tepi ilipo, koma malaputopu a masiku ano alibe pomangira cingwe ca FireWire. Amene akali ndi kamera ndi kompyuta zotha kuwerenga matepiwo athandize anzao kuwasamutsa zisanafe.

Tikupempha zinthu zocepa. Ogula kamera apite ku sitolo ndi khadi lao, ajambule mphindi ziwiri wogulitsa akulankhula, akaziyese pa laputopu imene adzadulira, ndipo wogulitsa wokana zimenezi asiyidwe ndi katundu wake. Mabanja olemba nchito wojambula agule fulashi kapena hard drive, ndipo pogwirizana mtengo anene kuti afuna vidiyo yomalizidwa pamodzi ndi mafayilo oyamba. Makomiti a miyambo ndi a machalichi asankhe munthu wosunga mafayilo a caka ciliconse, makope awiri, m'nyumba ziwiri, atalembedwa tsiku, malo ndi maina a olankhula. Ndipo ife ojambula tileke kubisirana nzeru ngati mankhwala. Amene wapeza makonzedwe a HandBrake ogwirizana ndi mtundu wina wa kamera auze anzake, ndipo amene ali ndi intaneti yabwino ku boma akope MediaInfo, HandBrake ndi Shotcut pa fulashi, apatse a kumidzi. Mutu umodzi susenza denga.

Mwambo wotsatira usanafike, tengani kamera yanu, mujambule mwana akuomba m'manja kwa mphindi khumi, muike mu pulogalamu yanu yodulira, mutulutse vidiyo, ndi kuionera pa TV mpaka kumapeto. Ngati pa mphindi yomaliza manja ndi phokoso zikali kugundana pamodzi, kamera yanu ndi yokwanira.