Makolo aonere filimu imeneyi pamodzi ndi ana awo

Akuluakulu ambiri akamva za kanema wa anyamata ozungulirazungulira usiku pa magalimoto, nyimbo za rock zili pokopoko pa wailesi, amangoti ndi zoononga ana. Ine ndikuti ayi. Filimu ya American Graffiti, imene George Lucas anatulutsa mu 1973, ndi yofunika kuti makolo aionere ali pamodzi ndi ana awo.

Nkhani yake ndi ya usiku umodzi wokha, m'chaka cha 1962, m'tauni ya Modesto ku California. Achinyamata a kumeneko chizolowezi chawo chinali kuyendetsa magalimoto pang'onopang'ono mumsewu waukulu, kupita ndi kubwerera, kufuna zibwenzi ndi kupikisana liwiro, onse akumvera muulutsi mmodzi, Wolfman Jack. Ife oyenda pa njinga tingaseke kuti kumeneko n'kutaya mafuta chabe, ndipo sitinganame.

Koma pansi pa phokoso lonselo pali funso limene banja lililonse la kuno kumalire likulidziwa: mwana akakula, achoke kapena akhale? Curt ndi Steve amaliza sukulu ya sekondale ndipo m'mawa mwake ayenera kukwera ndege kupita ku koleji. Steve ndiye wodzitama, akuti pamudzi palibe chokhalira. Curt akukayikakayika, chonsecho wapatsidwa madola 2,000 a maphunziro. Kutacha, amene wachoka ndi Curt. Steve watsala chifukwa cha chibwenzi chake, Laurie.

Chimene chimandigwira mtima ndi mawu olembedwa kumapeto. John, katswiri wa liwiro uja amene sanafune kusiya tauni yake, anaphedwa ndi dalaivala woledzera mu 1964. Terry anasowa ku nkhondo ya ku Vietnam mu 1965. Steve anakhala wogulitsa inshuwalansi komweko ku Modesto, pamene Curt anakakhala mlembi ku Canada. Kukhala sikunapulumutse John, ndipo Terry sanadziwe usiku umenewo chimene chinali kumudikira. Amene anaona nkhondo ya kuno mpaka 1992 safunika kuwamasulira liwu loti "anasowa".

Chondidandaulitsa n'chakuti za atsikana sanalembepo kanthu. Komatu Laurie ndi amene anali m'galimoto ya Bob Falfa itagubuduzika pa mpikisano m'bandakucha, natulukamo wamoyo. Mwana wanu wamkazi akadzafunsa kuti Laurie anathera kuti, filimuyo siidzamuyankha.