Womwetsa zigoli sadziwika ndi mphindi 20

Kwathu ku Nancholi kuli mnyamata wina amene ndakhala ndikumuonera akusewera mpira kwa zaka zitatu tsopano. Dzina ndisunga. Sathamanga kwenikweni, thupi lake ndi lochepa, ndipo mutakumana naye pa siteji ya minibasi simungamuganizire kuti ndi wosewera. Koma mpira ukamabwera m'bokosi, iye amakhala atafika kale pamene ugwere. Otchinga kumbuyo akamadzidzimuka, goloboyi amakhala akutola mpira muukonde.

Chaka chatha anapita ku ma trials a timu ina ya mu ligi yayikulu. Anyamata anali gulu, anawagawa m'matimu, ndipo iye anapatsidwa mphindi 20. Mpira anaukhudza katatu kokha, chifukwa aliyense m'bwalomo ankafuna kudzionetsa yekha, wopatsira mnzake panalibe. Anamuuza kuti adzamuimbira foni, ndipo mpaka lero akudikirabe. Amene anasankhidwa anali mnyamata wamtali, waliwiro ngati gwape, yemwe anadoda anthu awiri mabwana akuonerera.

Sindikunena kuti mnyamata wakwathuyu akanakhala katswiri wa Flames. Mwina ayi. Chimene chikundivuta ndi chakuti timuyo sinadziwe chimene inakana, komanso sinadziwe chimene inatenga. Tsiku limodzi siliwoza mbewa, ndiye mphindi 20 zingatiuze chiyani za munthu amene tikufuna kuti azitimwetsera zigoli m'masewero 30 a ligi?

Ku America kuli mpira wawo wina wovala zipewa zachitsulo, wa ligi ya NFL. Matimu ake 32 amasankha osewera atsopano kuchokera m'makoleji chaka chilichonse mu April, pa mwambo umene amautcha draft. Timu imene inachita moipa kwambiri ndi imene imayamba kusankha, ndipo amasinthana choncho maulendo 7. Pakati pa osewera amene amakanganiridwa pali otchedwa wide receiver, amene ntchito yawo ndi kuthawa womulonda n'kukawakha mpira umene mnzawo waponya. Ntchitoyi ikufanana ndi ya wosewera kutsogolo wathu: kupeza mpata, kufikapo pa nthawi yake, ndi kusaphonya.

Draft isanafike, anyamatawa amawayesa liwiro mumzinda wa Indianapolis pa mtunda wa mayadi 40, omwe ndi pafupifupi mamita 37. Mu 2017, John Ross anathamanga mtundawu m'masekondi 4.22, liwiro limene linaposa onse amene anayesedwapo mpaka nthawi imeneyo. Timu ya Cincinnati Bengals inamutenga pa nambala 9. Chaka chake choyamba chinatha osawakha mpira ndi umodzi womwe, ndipo kuvulala kunamusautsa mpaka dzina lake linazilala. Mu 2023, Puka Nacua anadutsidwa ndi matimu onse kangapo, mpaka Los Angeles Rams inamutola pa nambala 177. Chaka chomwecho anawakha mipira 105, chiwerengero chimene wosewera watsopano aliyense anali asanafikepo.

Tsono taonani. Anthu amenewa ali ndi ndalama, makamera, madokotala ndi kanema wa masewero onse amene mnyamata anasewera ku koleji, koma liwiro limawapusitsabe. Nanga ife amene tilibe kanema, tilibe kaundula, timangodalira maso a tsiku limodzi ndi mawu a ejenti amene akufuna yake ya m'thumba? Chikomekome cha mkuyu, akuluakulu anatichenjeza kale. A Manoma musandikwiyire, nyerere zake si inuyo.

Liwiro ndi labwino, ndipo palibe mphunzitsi amene angalikane. Koma liwiro ndi limene limaoneka msanga, n'chifukwa chake limanyenga. Zimene zimapanga womwetsa zigoli zimafuna kudekha kuti uzione. Kodi mnyamatayo amatani pamene alibe mpira, amaima ngati mtengo kapena amakoka wotchinga kumbuyo kuti mnzake apeze njira? Mpira ukamufika ali chofulatira golo, munthu atamukanirira kumsana, amaugwira kapena umamuthawa? Mwendo wakumanzere umagwira ntchito kapena ndi wokwerera minibasi basi? Akaphonya poyera anthu n'kumukuwiza, amabisala kapena amapemphanso mpira? Nanga zigoli zake amamwetsa matimu ofooka okhaokha, kapena amachinyanso pamene timu yake yapanikizika? Mayankho a mafunso amenewa sapezeka pa ma trials. Amapezeka ukamuonera munthu masewero 10 kapena 15, pabwalo lakwawo ndi la eni, atapambana komanso atagonja.

Luso m'dziko muno lilipo, ndipo nthawi zambiri limachokera kumene mabwana a matimu safikako. Gabadinho Mhango ndi mwana wa ku Rumphi. Anadzera ku Bullets, anapita ku South Africa, ndipo mu ligi ya kumeneko ya 2019/20 anamwetsa zigoli 16 ali ku Orlando Pirates, kufanana ndi Peter Shalulile pamwamba pa onse. Chigoli chake cha patali chija chimene anachinya Morocco ku Cameroon mu January 2022 tonse tikuchikumbukira. Tabitha ndi Temwa Chawinga nawonso ndi a ku Rumphi konko, ndipo Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current. Tikamanyadira atatuwa tizidzifunsanso kuti ndi angati ofanana nawo amene anathera m'mabonanza a andale ku Chilobwe, ku Bangwe, ku Ndirande kapena ku Nsanje, chifukwa panalibe wolemba dzina lawo.

Ena anena kuti matimu athu alibe ndalama zolembera anthu osaka osewera. Kwa matimu ang'onoang'ono ndikumvetsa, poti ena amavutika ndi ya mafuta yomwe. Koma Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers, amene amatha kuitanitsa osewera kutsogolo ochokera kunja, sangalephere kulipira anthu awiri kapena atatu oti Loweruka lililonse azikhala m'mabwalo a sukulu za sekondale, a makoleji ndi a ligi za m'zigawo. Zida zake ndi kope, cholembera ndi foni yojambula. Osewera akale amene akungokhala m'makwalalamu ali ndi diso la ntchito imeneyi. Ndipo m'makoleji musamaderere. Mzuni FC inasewerapo mu ligi yayikulu, umboni wakuti mpira wa kusukulu ukhoza kufika patali ukasamalidwa.

Sindikupempha kuti tikopere draft ya ku America. Kumeneko makoleji ndiwo amalera osewera ndipo ali ndi chuma chochitira zimenezo, pamene kuno mwana amaleredwa ndi mphunzitsi wa m'dera amene amagula mpira ndi ndalama ya m'thumba mwake. Chimene tingatengeko ndi mwambo wolemba. Bungwe la FAM, mabungwe a mpira a m'zigawo ndi la masewero a m'sukulu la MASSA agwirizane kuti mwana aliyense wosewera mpikisano wovomerezeka akhale m'kaundula mmodzi: tsiku lobadwa, timu yake, masewero amene wasewera ndi zigoli zimene wamwetsa. Kaundula wotere angachepetse bodza la zaka, lija lakuti bambo wa ana awiri akusewera ndi anyamata osakwana zaka 17.

Angathandizenso pa ndalama. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya mtengo wake igawidwe kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Koma timu ya ku Manase imene sinalembetse mwana wake ikaitanitsa bwanji gawo lake? Popanda pepala, thukuta la mphunzitsi uja limadyedwa ndi ena.

Mnyamata wa ku Nancholi uja akusewerabe. Lamlungu lapitali anachinya ziwiri, china ndi mutu, china ndi mwendo wakumanzere. Oonerera tinalipo ambiri, ogulitsa nzimbe ndi ana okwera pa miyala, koma wa kope ndi cholembera panalibe. Akuti chaka chamawa akapanda kupeza timu apita ku Joni kukasaka ganyu. Mabwana a matimu, bwalo lake silili kutali ndi Kamuzu Stadium. Bwerani mudzamuonere kangapo, ndipo mukadzamukana, mudzamukane mukudziwa chimene mwakana.