Tisaloweze dziko, tilidziwe

Madzulo a pa 27 Julaye 2024 mvula yamphamvu idagwa mumzinda wa Delhi ku India. M'dera la Old Rajinder Nagar madzi adasefukira mumsewu n'kulowa m'chipinda chapansi pa nthaka cha sukulu ina yokonzekeretsa anthu mayeso olowera ntchito m'boma. Achinyamata atatu, akazi awiri ndi mwamuna mmodzi, adafera momwemo. Pambuyo pake zidadziwika kuti chipindacho chidaloledwa kukhala chosungiramo katundu, koma eni sukulu adachisandutsa laibulale.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zomwe zidawapha zidali m'silabasi ya mayeso omwe ankakonzekerawo. Ngalande zosasamalidwa ndi nkhani ya ulamuliro wa mzinda. Kuthithikiza ophunzira pansi pa nthaka pofuna phindu ndi nkhani ya zachuma. Mvula yoposa mphamvu za ngalande ndi nkhani ya zachilengedwe. M'mabuku mitu itatuyi imakhala m'machaputala osiyana, koma usiku umenewo idabwera pamodzi, ndipo idabwera ngati madzi.

Mayesowa amayendetsedwa ndi bungwe la boma la Union Public Service Commission. Chaka chilichonse anthu pafupifupi 1 miliyoni amalembetsa, pomwe osankhidwa amakhala pafupifupi 1,000 okha. Munthu amayamba ndi mayeso osefa, kenako mayeso aakulu a mapepala 9, n'kumaliza ndi mafunso a pakamwa. Pa mapepala aakuluwo, lina limafunsa za malamulo a dziko ndi ulamuliro, lina za chuma, chilengedwe ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo lina za khalidwe loyenera wogwira ntchito m'boma. Amene wakhoza bwino kwambiri angadzakhale mkulu woyang'anira boma lonse, ngati bwanamkubwa kuno kwathu. Mpikisano wake ndi woopsa moti achinyamata ambiri amasamukira ku Delhi, kukakhala zaka m'tizipinda todula, akuloweza usana ndi usiku.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ambiri mwa ife pakoleji pano tikadzamaliza tidzagogoda pakhomo la boma. Ena tidzakhala pamaso pa Teaching Service Commission, ena Health Service Commission, ena Civil Service Commission. Njira yathu yolembera anthu ntchito ndi yosiyana ndi ya ku India, koma chizolowezi chathu chokonzekera n'chimodzimodzi. Timasaka mafunso omwe anzathu adafunsidwa chaka chatha, timatumizirana pa WhatsApp, timaloweza mayankho. Tikafunsidwa tanthauzo la ulamuliro wabwino timalakatula mosaphonya mawu. Tikafunsidwa chifukwa chomwe thumba la makala lakwerera mtengo pamsika wa kwathu, timayang'ana kudenga.

Maganizo athu ndi akuti kukonzekera kotereku n'kosakwanira, ndipo n'koopsa kwa anthu omwe tidzawatumikire. Ulamuliro, chuma ndi chilengedwe tiyenera kuziphunzira ngati chingwe chimodzi, kuyambira pa zinthu zomwe tikuziona ndi maso.

Titenge makala omwewo. Magetsi athu ambiri amapangidwa pamtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi akamazimazima, ngakhale mabanja a m'tauni omwe ali ndi mbaula zamagetsi amabwerera kumakala. Makala akamafunidwa kwambiri, mitengo imatha m'mapiri. Mitengo ikatha, nthaka imakokolokera m'mitsinje, matope amadzaza pomwe makina amakokera madzi, ndipo magetsi amacheperachepera. Lamulo la zankhalango la 1997 limati wootcha makala akhale ndi chiphaso, koma matumba amadutsabe m'misewu yathu tsiku ndi tsiku. Nanga apa funso la zachilengedwe lathera pati, la zachuma layambira pati? Nanga woyang'anira nkhalango amene walandira kangachepe n'kutembenukira kumbali, tim'yike m'chaputala chiti?

N'chimodzimodzi ndi namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, yemwe adapha anthu oposa 600 m'dziko muno. Ku Chilobwe ku Blantyre matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba. Mvula sitingailetse. Koma mafunso akuti anthu adamanga bwanji m'malo otsetsereka chotero, mitengo ya m'phirimo idapita kuti, ndipo banja losauka likadapeza kuti malo ena okhala, onsewa ndi mafunso a ntchito za boma. Ndipo pomwe Banki Yaikulu ya dziko lino idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zochokera kunja idakwera. Banja likalephera kugula feteleza limakolola zochepa, ndipo njala ikafika nkhwangwa imalowa m'nkhalango.

Wina anena kuti zonsezi n'zabwino, koma ntchito n'zosowa, ndiye chofunika n'kukhoza basi, zinazo tidzaziphunzira tili pantchito. Nkhawayi tikuimvetsa. Makolo athu agulitsa mbuzi, fodya ndi chimanga kuti tifike pano, ndipo akudikira. Sitikunenanso kuti kuloweza kulibe ntchito, pakuti dzina la lamulo ndi chaka chake ziyenera kukhala m'mutu. Koma choloweza chimathawa funso likangotembenuzidwa pang'ono, pomwe chomwe wachimvetsa umachifotokoza m'mawu akoako. Chachikulu koposa n'chakuti mayeso amatha tsiku limodzi, pomwe ntchito ndi ya zaka makumi. Maofesala oyang'anira ngalande ndi nyumba za m'dera lija la ku Delhi nawonso adadutsa m'mayeso kuti akhale pamipando yawo. Kukhoza kwawo sikudapulumutse munthu.

Ndime 12 ya malamulo aakulu a dziko lathu imanena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, ndipo wozigwiritsa ntchito wangosungitsidwa mphamvuzo. Ndime 13 imalamula boma kusamalira chilengedwe poganiziranso mibadwo yam'tsogolo. Mawu amenewa sadalembedwere nduna zokha. Amakhudza kalaliki wosunga mafayilo, namwino wosunga makiyi a mankhwala, ndi mphunzitsi wamkulu wosunga ndalama za sukulu. Nkhani ya Cashgate ya 2013 idationetsa kuti ndalama za boma zimatha kutuluka kudzera m'manja mwa anthu ophunzira bwino, odziwa malamulo omwe akuwaphwanya.

Tsono tichite chiyani tidakali pasukulu? Choyamba, tiwerenge zikalata zenizeni m'malo modalira manotsi a anzathu. Malamulo aakulu a dziko alipo pa intaneti. Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, ali ndi nsanamira zitatu: ulimi wa phindu, mafakitale ndi kukula kwa mizinda. Tidzifunse kuti iliyonse mwa izo idalira madzi, magetsi ndi nthaka zochokera kuti. Chachiwiri, nduna ya zachuma ikamapereka ndondomeko ya chuma ku Nyumba ya Malamulo, timvetsere ndipo tifufuze gawo lomwe lapita kumaphunziro ndi kuzaumoyo. Chachitatu, m'magulu athu owerengera tizitenga vuto limodzi la kwathu, kaya mlatho woduka, mjigo wowonongeka kapena msika wopanda chimbudzi, n'kulifunsa mafunso atatu: ndani ali ndi udindo, ndalama zichokera kuti, ndipo nthaka ndi madzi zikhudzidwa bwanji? Lamulo la maboma ang'ono la 1998 lidapereka ntchito zambiri kumakhonsolo, choncho tchuthi chikafika tikacheze ndi a komiti yachitukuko ya m'mudzi mwathu, timve momwe pempho limayendera kuchoka kwa mfumu mpaka kukhonsolo.

Kwa ife ophunzira zauphunzitsi udindo wake ndi wowirikiza. Mmene tikuwerengera lero ndi mmene tidzaphunzitsire mawa. Tikazolowera kuloweza, tidzatulutsa ana odziwa kutchula zifukwa zisanu za kukokoloka kwa nthaka koma osaona ngalande yomwe ikudya bwalo la sukulu yawo.

Tsiku lina ena mwa ife adzakhala kuseri kwa tebulo, pepala lili patsogolo likudikira siginecha. Pepalalo lidzakhala la chipinda choti muzikhala ana a anthu, kapena la phiri loti padulidwe mitengo. Sipadzakhala wopereka malikisi. Tiyeni tikonzekere tsiku limenelo kuyambira teremu ino.