Amene mukufuna ku Russia, yambani ndi zilembo zawo

Achimwene ndi achemwali, nkhani ya masikolashipu ndi ntchito za ku Russia yadzadza m'magulupu athu. Maganizo anga ndi awa: ngati mtima uli kumeneko, Chirasha muyambiretu muli konkuno.

Zoona, kuno ku Tengani buku la Chirasha simungalipeze, mphunzitsi kulibe, bandulo yadula, netiweki mpaka ukwere pachulu. Komatu zilembo zawo ndi 33 basi. Lembani pakatoni, zisanu patsiku, sabata imodzi mwathana nazo. Zopusitsa ndi izi: Р amawerenga R, Н ndi N, С ndi S, В ndi V. Wina akapeza data, akoke mavidiyo a pa YouTube, enanu mugawane pa Bluetooth. Duolingo nayonso ili ndi Chirasha.

Ndikulimbikira chifukwa cha mapepala osaina. Mu 2024 atolankhani a AP analemba za atsikana a mu Africa muno omwe analonjezedwa sukulu ndi ntchito ku Alabuga, koma anakapezeka akupanga ma drone a nkhondo. Lemekhani Nyirenda wa ku Zambia anapita kukaphunzira ku Moscow, anamangidwa, a Wagner anamutenga kundende, anafera ku Ukraine mu 2022.

Chilankhulo sichingakupulumutse ku zonse, koma ukaona mawu oti договор (dogovor) udziwe kuti ndi mgwirizano, ufunse kaye. Injini ya boti sitiimasula mumdima, nanga dzina lako usainire chomwe sukuwerenga?

Tumizirani anzanu.